Mbiri ya Bungwe la Montford Point Marine Association

Mu mzinda wa Philadelphia, m'dziko la United States of America, mwezi wa Sepitembala chaka cha 1965, mudasonkhana amuna oposa 400, amene ambiri a iwo adali asanaonane chithere nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Ndipo ngakhale adachokera m'zigawo zotalikirana, ena atavula kale yunifolomu nalowa ntchito za anthu wamba, ena akadali pa usilikali, padali chingwe chimodzi chowamanga onse, ndicho chakuti adali anthu akuda a m'gulu la nkhondo la Marine Corps, ndi kuti akuluakulu a pakati pawo adaphunzira kuguba ndi kugwira mfuti pa msasa umodzi wa m'nkhalango wotchedwa Montford Point. Pa msonkhano umenewo padabadwa bungwe limene lero likudziwika ndi dzina lakuti National Montford Point Marine Association, lomwe mu 2025 lidakwanitsa zaka 60. Koma wofuna kumvetsa chimene chidawasonkhanitsa amunawo ayenera kuyamba wamva za msasawo, ndi za chitseko chimene adachipeza chili chotseka.

Marine Corps ndi gulu la asilikali amene amanyamulidwa pa zombo nakatsikira pa gombe la adani, kuti alambule njira ena onse asanafike. Ndipo pa chifukwa chimenechi anthu a ku America amalichitira ulemu wapadera, nalonso limanyadira kuuma kwa maphunziro ake. Kuyambira chaka cha 1798 kufikira 1942 gululi silidali kulemba anthu akuda, pamene magulu ena a nkhondo, la pamtunda ndi la panyanja, adali kuwalandira ndithu, ngakhale kuti adali kuwapatula ndi kuwapatsa ntchito zonyozeka. Mkulu wa gululi, Thomas Holcomb, adanena mosabisa mu 1941 kuti akadapatsidwa kusankha, akadakonda kukhala ndi azungu 5,000 okha koposa kukhala ndi anthu akuda 250,000. M'chaka chomwecho A. Philip Randolph, mtsogoleri wa bungwe la anthu akuda otumikira m'mabogi ogona a sitima zapamtunda, adaopseza kuti adzabwera ndi khamu la anthu ake ku Washington kudzatsutsa tsankho la pa ntchito. Ndipo Pulezidenti Franklin D. Roosevelt, posafuna manyazi otere pamene nkhondo idali pakhomo, adasaina pa 25 Juni 1941 lamulo la nambala 8802, loletsa tsankho m'mafakitale a zida za nkhondo ndi m'ntchito za boma. Japan itaphulitsa doko la Pearl Harbor mu Disembala, ndipo dziko litayamba kusowa manja, nduna yoyang'anira asilikali apanyanja, Frank Knox, idalengeza mu Epulo 1942 kuti anthu akuda alandiridwa, ndipo kulemba kudayamba pa 1 Juni.

Adawalandira, koma sadawalole kugona pamodzi ndi anzawo. Azungu adali kuphunzira usilikali ku Parris Island ndi ku San Diego. Akuda adawakonzera malo awoawo pa kansonga ka mtunda kolowa mu mtsinje wa New River, pafupi ndi tauni ya Jacksonville m'chigawo cha North Carolina, kumphepete kwa msasa waukulu wa Camp Lejeune. Woyamba kufika adali mnyamata wa ku Charlotte, Howard P. Perry, pa 26 Ogasiti 1942. Iye ndi omutsatira adapeza timanyumba tosakhalitsa pakati pa mitengo ndi madambo, malo a udzudzu ndi njoka, otentha koopsa m'chilimwe ndi ozizira m'chisanu. Ndipo ngakhale adavala yunifolomu yofanana ndi ya anzawo a kutsidya, sadali kuloledwa kuponda mu msasa waukuluwo popanda chilolezo. Kunja kwa mpanda kudali malamulo a tsankho a zigawo za kumwera, owuza munthu wakuda pokhala m'basi, podyera ndi poyembekezera sitima, kotero kuti anyamata ochokera ku mizinda ya kumpoto, amene adali asanaonepo zoterezi zitalembedwa pa zikwangwani, adazidziwira m'yunifolomu ya dziko lawo lomwe. Madalaivala a mabasi adali kuwasiya pa msewu kuti anyamule azungu, mpaka mkulu wa msasawo, Colonel Samuel A. Woods, mzungu amene anyamatawo adamkumbukira bwino kufikira ukalamba wawo, adayamba kutumiza magalimoto a usilikali kuti azikawatula ndi kukawatenga.

Poyamba ophunzitsa perete adali azungu, koma pofika mu 1943 ntchitoyo idali m'manja mwa masajeni akuda, ndipo awiri mwa iwo mayina awo sasowa pakamwa pa aliyense wa m'bungweli. Woyamba ndi Gilbert H. Johnson wa ku Alabama, munthu wachikulire pakati pa anyamatawo, amene adali atatumikira kale m'gulu la pamtunda ndi la panyanja, ndipo anzake adamutcha Hashmark chifukwa cha mizere ya pa mkono wa malaya ake yosonyeza zaka za utumiki. Wachiwiri ndi Edgar R. Huff, wa ku Alabama komweko, amene pambuyo pake adakhala munthu wakuda woyamba kufika pa udindo wa sajeni meja m'gululi. Amene adadutsa m'manja mwa amuna awiriwa adachitira umboni kuti adali aukali koposa azungu aja. Ndipo ukali umenewo sudali wa nkhanza, pakuti iwo adadziwa kuti pamalopo mnyamata mmodzi akalephera, mlandu wake udzagwera mtundu wonse, ndipo amene adali kudikira kuti anene kuti munthu wakuda sangathe adzapeza ponenera. Chiphunzitso chawo chidali chija cha makolo, chakuti sunga khosi mkanda uoneka.

Za ku nkhondo zidayenda mosiyana ndi mmene akuluakulu adakonzera. Magulu awiri amene adaphunzitsidwa kuwombera mizinga yogwetsa ndege, a 51st ndi 52nd Defense Battalion, adatumizidwa kukalonda zilumba za m'nyanja ya Pacific kumene moto udali utadutsa kale. Amene adakumana ndi imfa maso ndi maso adali aja opatsidwa ntchito yooneka yapansi, yotsitsa katundu m'zombo ndi kusenza mabokosi a zipolopolo kupita nawo kumene nkhondo idali kuyaka. Pa 15 Juni 1944, tsiku loyamba la nkhondo ya pa chilumba cha Saipan, Kenneth J. Tibbs adakhala woyamba wa iwo kuphedwa ndi adani. Ku Peleliu, m'mwezi wa Sepitembala chaka chomwecho, adapita kutsogolo atasenza zipolopolo nabwerera atanyamula ovulala pa machira, ndipo pamene mzere udachepa anthu, iwo adatola mfuti naima pamenepo. Chimodzimodzinso ku Iwo Jima ndi ku Okinawa mu 1945. Mkulu watsopano wa gululi, Alexander Vandegrift, atamva za ku Saipan, adanena kuti nthawi yowayesa yatha, iwo ndi asilikali a Marine monga ena onse. Ife a kuno sitingaimve nkhani imeneyi ngati yachilendo, pakuti agogo athu adasenza mtengatenga pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 namwalira m'njira osalembedwa mayina, ndipo ana awo adapita ku Burma ndi King's African Rifles pansi pa maofesala achizungu. Ku Montford Point nakonso padalibe ofesala wakuda kufikira nkhondo itatha, pamene Frederick C. Branch adalandira udindowo pa 10 Novembala 1945.

Mvula ikakuona litsiro sikata. Amunawa atabwerera kwawo adapeza kuti lamulo la 1944 lothandiza asilikali opuma, lodziwika kuti GI Bill, limene lidalonjeza maphunziro ndi ngongole za nyumba kwa aliyense amene adatumikira, lidasiyidwa m'manja mwa mabanki ndi maofesi a m'zigawo, kumene tsankho lidali pampando. Kotero kuti m'chigawo cha Mississippi, pa ngongole 3,229 zimene zidawerengedwa mu 1947, ziwiri zokha ndizo zidapita kwa anthu akuda. Ena adaona zoopsa zoposa apa. Isaac Woodard, sajeni wa gulu la pamtunda, adatsitsidwa m'basi ku South Carolina mu Febuluwale 1946 akadali m'yunifolomu, ndipo wapolisi adammenya mpaka kumuchititsa khungu. Nkhani zotere zidamufika pamtima Pulezidenti Harry S. Truman, amene pa 26 Julayi 1948 adasaina lamulo la nambala 9981, lolamula kuti m'magulu onse a nkhondo anthu achitiridwe mofanana. Pa 9 Sepitembala 1949 msasa wa Montford Point udaleka kuphunzitsa anthu akuda paokha, utatulutsa amuna pafupifupi 20,000, ndipo pa nkhondo ya ku Korea akuda ndi azungu adamenya ali m'magulu amodzi.

Apa ndi pamene pali muzu wa bungweli, ndipo ndi pofunika kupaona bwino. Kutha kwa tsankho la m'misasa kudali chigonjetso, koma kudabwera ndi chiwonongeko china chosaoneka msanga, ndicho kuiwalika. Nyumba za pa Montford Point zidasanduka masukulu a ntchito zina za usilikali. Mabuku ndi mafilimu onena za nkhondo ya pa Pacific adadzaza ndi nkhope zoyera. Ndipo monga ku Ejipito kudalowa mfumu yosamdziwa Yosefe, m'gululi mudalowa mbadwo wa anyamata, akuda omwe, amene sadamvepo kuti padali anthu owatsegulira njira. Gulu limene limaphunzitsa mnyamata aliyense watsopano mayina a ngwazi zake ndi a nkhondo zake zonse lidakhala chete pa za amuna 20,000 amenewa, ndipo eni akewo, monga achitira ambiri obwera ku nkhondo, sadali kufotokoza zambiri ngakhale kwa ana awo.

Amene adakana kuti ziterepo adali Brooks E. Gray, sajeni wamkulu wa m'gululi, pamodzi ndi anzake a ku Philadelphia, ndipo pakati pawo padali Cecil B. Moore, amenenso adadutsa pa Montford Point, nakhala loya ndi mtsogoleri wa nthambi ya NAACP, bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda, mu mzindawo. Chaka cha 1965 chidali chowira: lamulo la ufulu wa anthu lidali litangokhazikitsidwa mu 1964, lamulo loteteza ufulu wa kuvota lidasainidwa mu Ogasiti, asilikali a Marine adali atatsikira ku Da Nang m'dziko la Vietnam mu Malichi, ndipo Moore mwini wake adali kutsogolera anthu ozungulira mpanda wa Girard College, sukulu ya ana amasiye imene idali kukana ana akuda. M'nyengo yotere amunawa adaitana anzawo ku hotela ya Adelphia. Ndipo ataona unyinji wa amene adabwera, adazindikira kuti mutu umodzi susenza denga, ndi kuti chimene aliyense adachisunga yekha mumtima chingathe kukhala mbiri pokhapokha atachisenzera pamodzi. Adagwirizana kukhazikitsa bungwe losafuna phindu, ndipo Gray adakhala pulezidenti wake woyamba.

Zolinga zimene adaika zidali zosunga ubale umene udabadwa m'masautso, kusunga mbiri ya asilikali akuda oyamba a m'gululi, kuthandiza asilikali opuma ndi mabanja awo, kuthandiza achinyamata pa maphunziro, ndi kutumikira anthu a m'madera mmene mamembala akukhala. Koma chimene ine ndichiyesa chachikulu pa zonse zimene adapangana ndi lamulo la umembala. Anthu amene adatsekeredwa kunja chifukwa cha khungu akadatha kumanga mpanda wawo, ndipo palibe akadawadzudzula. Koma iwo adalemba kuti bungweli ndi lotseguka kwa aliyense amene adatumikira kapena akutumikira m'gulu lililonse la nkhondo la America, posayang'ana mtundu, chipembedzo kapena kumene adachokera. Nzeru ya lamuloli yaoneka m'masiku ano, pamene eni ake a dzinalo atsala owerengeka, koma bungwe lidakali ndi manja oligwira.

Zaka zoyamba zidali za ntchito yosaoneka, yofunafuna anthu amene adamwazikana m'dziko lalikulu chotere, yotsegula nthambi mzinda ndi mzinda, ndi yokumana chaka ndi chaka pa ndalama za m'matumba mwawo. Mu Ogasiti 1972 Gilbert Johnson adagwa ndi nthenda ya mtima ali chilili kulankhula pa msonkhano wa bungweli ku Jacksonville, pafupi ndi bwalo limene adagubitsirapo anyamata zaka pafupifupi 30 m'mbuyomo, ndipo adamwalira. Pa 19 Epulo 1974 msasa wa Montford Point udapatsidwa dzina lake, nukhala Camp Gilbert H. Johnson, monga ukutchedwa kufikira lero. Chaka chotsatira ofesi ya mbiri ya gululi idasindikiza buku la Henry Shaw ndi Ralph Donnelly lotchedwa Blacks in the Marine Corps, ndipo nkhani imene idali ya pakamwa idayamba kulowa m'zolembedwa za boma.

Makonzedwe a bungweli ndi osavuta kuwamva. Pamwamba pali pulezidenti wa dziko lonse, womutsatira, mlembi ndi msungichuma, osankhidwa ndi mamembala. Pansi pawo pali nthambi zoposa 30 m'mizinda yosiyanasiyana, iliyonse ndi atsogoleri ake. Ndipo pambali pali gulu lothandizira, limene mizati yake akhala akazi, amasiye ndi ana a asilikaliwo. Chaka chilichonse kumakhala msonkhano waukulu, kumene amamanga mfundo za bungwe, kukumbukira amene adatsogola, ndi kupereka thandizo la fizi kwa ophunzira. Bungweli lilinso ndi mpando mu Marine Corps Council, bwalo la mabungwe okhudzana ndi gululi, kotero kuti amene kale sadali kuloledwa kulowa pa chipata tsopano ali ndi mawu m'bwalo.

Ntchito yosunga mbiri ili ndi nyumba yake, yosungiramo zakale, imene ili mu imodzi mwa nyumba zakale za pa Camp Johnson pomwepo, mmene muli zithunzi, makalata, mayunifolomu ndi zikalata zimene mabanja adapereka. Akatswiri a pa University of North Carolina Wilmington adajambula mawu ndi nkhope za akuluakuluwo akufotokoza okha zimene adaona, ndipo pa umboni umenewo padatuluka filimu ndi buku la Melton McLaurin la mu 2007. Munthu akaganiza kuti ambiri mwa ofotokozawo lero adagona, amaona kuti ntchitoyo idagwiridwa dzuwa litapendeka, ndipo ikadachedwa zaka khumi zokha sikadapeza woifotokoza.

Nkhondo yaikulu yomaliza ya bungweli idali ya mendulo. Oyendetsa ndege akuda a ku Tuskegee adalandira mu 2007 mendulo yagolide ya Congress, imene ndi ulemu waukulu koposa umene nyumba ya malamulo ya dzikolo imapereka, ndipo a Montford Point adayamba kugogoda kuti nawonso akumbukiridwe. Adapeza owayankhulira: Corrine Brown wa ku Florida m'nyumba ya oimira anthu, Kay Hagan wa ku North Carolina m'nyumba ya Senate, ndi mkulu wa Marine Corps pa nthawiyo, General James Amos, amene adafunanso kuti mbiri yawo iziphunzitsidwa kwa asilikali atsopano. Pa 25 Okutobala 2011 nyumba ya oimira anthu idavomereza ndi mavoti 422 popanda wotsutsa. Pulezidenti Barack Obama adasaina lamulolo pa 23 Novembala. Ndipo pa 27 Juni 2012 amuna pafupifupi 400, ambiri a zaka za m'ma 80 ndi 90, ena pa ndodo, ena pa njinga za olumala, adasonkhana ku Capitol, nyumba ya malamulo ya mu Washington, kudzalandira ulemuwo. Mendulo yagolideyo ndi imodzi ya onse, ndipo aliyense adapatsidwa chifaniziro chake chamkuwa. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo amunawa adadekha zaka 70. Koma choonadi chiyenera kunenedwa, kuti pa anthu 20,000 aja ochuluka adalowa m'manda dziko lawo lisanawathokoze, ndipo palibe mendulo ingabweze zimenezo.

Zina zidatsatira mofulumira. Mu 2013 chombo chachikulu cha asilikali apanyanja chidapatsidwa dzina lakuti USNS Montford Point. Pa 29 Julayi 2016 chipilala cha chikumbutso, chimene bungweli lidachisonkhera ndalama kwa zaka zambiri, chidatsegulidwa m'munda wa Lejeune Memorial Gardens ku Jacksonville. Pali chifaniziro chamkuwa cha msilikali, pali mzinga wa mamilimita 90 wonga umene magulu awiri aja adali kuwombera, ndipo pali khoma la nyenyezi pafupifupi 20,000, imodzi pa munthu mmodzi. Adaika nyenyezi m'malo mwa mayina chifukwa mndandanda wathunthu wa amene adadutsa pa msasawo sudasungidwe pamalo amodzi. M'gulu la Marine Corps lomwelo zipatso zaoneka: Frank E. Petersen adakhala woyendetsa ndege wakuda woyamba mu 1952 ndi jenerale wakuda woyamba mu 1979. Alford McMichael adakhala sajeni meja wa gulu lonse mu 1999. Ndipo mu Ogasiti 2022 Michael Langley adakhala munthu wakuda woyamba m'gululi kuvala nyenyezi zinayi, napatsidwa kuyang'anira asilikali a America oona za Africa.

Lero utsogoleri wa bungweli uli m'manja mwa asilikali a mibadwo yapambuyo ndi ana a oyamba aja, pakuti ngakhale mnyamata amene adalowa pa msasawo m'chaka chomaliza, ali ndi zaka 17, tsopano wapitirira zaka 90. Nthambi zikupitiriza kuthandiza ophunzira ndi asilikali opuma, kulankhula m'masukulu ndi m'matchalitchi, ndi kusonkhana ku Jacksonville mwezi wa Ogasiti kukumbukira tsiku limene Howard Perry adafika. Koma ntchito imene ili patsogolo pa zonse ndi yofufuza mayina, popeza amene apezeka nalandira mendulo, iwo kapena mabanja awo, ndi gawo lochepa chabe la anthu 20,000 aja, ndipo mabanja ambiri sadziwa n'komwe kuti bambo kapena agogo awo adali mmodzi wa iwo. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Makalata amadyedwa ndi njenjete, ndipo odziwa nkhani akutha. Chifukwa chake bungweli likupempha aliyense amene angapeze m'bokosi la kholo lake chikalata chotulukira usilikali, chosonyeza kuti mwini wake adaphunzira pa Montford Point pakati pa 1942 ndi 1949, kuti apite nacho ku nthambi imene ali nayo pafupi, pakuti menduloyo imaperekedwa ngakhale kwa mwana kapena mdzukulu, mwini wake atamwalira kale.